Penshoni ya kuntchito: yabwino pa mtengo, yofooka pa kasamalidwe

Pa njira zonse zosungira ndalama zimene munthu wolembedwa ntchito m'Malawi muno ali nazo, penshoni ndiyo imanyozedwa kwambiri, komanso ndiyo anthu saidziwa bwino. Ambiri amangoiona ngati mzere wina wodula malipiro pa peyisilipi, pansi pa PAYE ndi ngongole ya ku SACCO. Ife taiunika monga mmene tingaunikire chinthu chilichonse chimene munthu amalipira mwezi ndi mwezi: mukupereka zingati, akukubwezerani chiyani, ndipo zimasokonekera pati. Maganizo athu tinenepo msanga. Pa mtengo wake palibe china choiposa. Koma kasamalidwe kake n'kofooka, moti munthu wosailondola yekha akhoza kugwira ntchito zaka khumi n'kukapeza m'thumba lake la penshoni muli zochepa kwambiri kuposa zimene anadulidwa. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, payokha siingakusungeni mukapuma.

Mukupereka zingati

Lamulo loyamba lokakamiza penshoni ndi la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Juni 2011. Linalowedwa m'malo ndi la 2023, kuyambira pa 1 Epulo chaka chimenecho. Pa nkhani ya zopereka malamulo awiriwa amanena chimodzi: wantchito apereke 5 peresenti ya malipiro ake, wolemba ntchito awonjezere 10 peresenti. Kampani ikhoza kupereka zoposa apo, koma siingatsike.

Titenge munthu wa besiki ya K400,000. Pa malipiro ake amadulidwa K20,000, bwana amaikapo K40,000, ndiye kuti mwezi uliwonse m'thumba lake la penshoni mumalowa K60,000, pachaka K720,000. Pa K1 iliyonse imene wataya m'manja, ina K2 yabwera tsiku lomwelo. Palibe banki, SACCO kapena banki nkhonde imene ingachite zimenezi. N'chifukwa chake timamva chisoni tikamva wantchito akupangana ndi bwana kuti "musandidule, ingondipatsani zonse m'manja." Wapeza K20,000, wataya K40,000, ndipo bwanayo, amene waphwanya lamulo, ndiye wapindula.

Pali chinanso chimene ambiri sadziwa kuti ali nacho. Wolemba ntchito akuyenera kumugulira wantchito aliyense inshulansi ya moyo, yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Wa K400,000 uja akamwalira akadali pa ntchito, banja lake liyenera kulandira K4,800,000 ya inshulansi, kuphatikiza pa zimene zasonkhana m'thumba la penshoni. Inshulansi imeneyi imatha tsiku limene ntchito yatha. Imafanso mwakachetechete ngati bwana wasiya kuilipira, ndipo zimenezi nthawi zambiri zimadziwika maliro atachitika kale.

Chenjerani ndi mmene malipiro anu agawidwira. Maperesenti tanenawa sawerengedwa pa ndalama zonse zimene mumalandira. Kawirikawiri alawansi ya nyumba ndi ya galimoto siilowa m'chiwerengerocho. Ndiye kampani ikakuuzani kuti "tikupatsani K600,000," koma pa kalata yalemba besiki K250,000 n'kukankhira zotsalazo ku nyumba ndi galimoto, penshoni yanu pamwezi ndi K37,500 m'malo mwa K90,000, ndipo inshulansi ya moyo ndi K3,000,000 m'malo mwa K7,200,000. Msonkho wa boma sumachepa kwenikweni ndi kagawidwe kotere, chifukwa alawansi yolandira ngati ndalama imadulidwanso PAYE. Chimachepa ndi penshoni yanu basi. Pokambirana za malipiro, limbanani ndi besiki.

Za msonkho

Apa penshoni ya kuno imasiyana ndi ya maiko ena, ndipo anthu obwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku London amasokonezeka napo. Kuno 5 peresenti yanu siikuchepetserani PAYE. MRA imawerengera msonkho pa malipiro onse, kenako penshoni imadulidwa pa zotsala. Malinga ndi magawo a PAYE amene anayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba inalibe msonkho, ndipo K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti. Wa K400,000 ankalipira K62,500, kaya ali pa penshoni kaya ayi. Magawo amenewa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho onani a chaka chino, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Phindu limene thumba la penshoni limapanga limadulidwa msonkho wa 15 peresenti lisanagawidwe kwa mamembala. Ubwino umabwera kumapeto: ndalama za penshoni zikamatuluka kupita kwa inu kapena kwa ana anu, sizidulidwanso msonkho. Poyerekeza ndi chiwongoladzanja cha ku banki, chimene chimadulidwa 20 peresenti musanachione, penshoni ili bwinoko pang'ono. Osati kwambiri ayi. Chokoma cha penshoni ya kuno ndi 10 peresenti ya bwana, osati msonkho.

Ndalamazo zimapita kuti

Thumba amasankha ndi bwana, inu mumangolipeza. Makampani odziwika amene amayendetsa matumba a penshoni ndi monga Old Mutual, NICO, NBM Pensions Administration ndi Continental. Ogwira ntchito m'boma amene anali ndi zaka 35 kutsika m'munsi mu 2017 anaikidwa mu Public Service Pension Trust Fund, pomwe achikulire anatsala pa ndondomeko yakale yolipiridwa ndi boma. Woyang'anira matumba onsewa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Ndalama zambiri zimalowa m'malo awiri: ngongole zobwereketsa boma ndi masheya a pa Malawi Stock Exchange. Zotsala zimapita ku nyumba zamalenti ndi ku mabanki. Msika wathu wa masheya ndi waung'ono, makampani ake safika 20, ndipo olemera kwambiri mwa iwo ndi mabanki ndi makampani a foni. Masheya atakwera kwambiri mu 2023 ndi 2024, mamembala a matumba ambiri anaona phindu labwino. Koma dziwani kuti mabanki omwewo amapindula kwambiri pobwereketsa boma, ndiye mukalondola bwino mupeza kuti penshoni yanu yatsamira pa wangongole mmodzi, boma, kuchokera mbali ziwiri. Ichi ndi chofooka chimene membala payekha sangachikonze, ndipo ndi chifukwa chimodzi chosaikira chiyembekezo chonse pa thumbali.

Matumba alipo a mitundu iwiri. Ena amatsatira msika: masheya akakwera ndalama zanu zimakwera, akatsika zimatsika. Ena, makamaka oyendetsedwa ndi makampani a inshulansi, amalengeza bonasi kamodzi pachaka, n'kusungako phindu la zaka zabwino kuti lidzakwirire zaka zoipa. Pa mtundu wachiwiriwu yang'anitsitsani sitetimenti, chifukwa bonasi ikhoza kulembedwa pawiri: gawo limene lakhala lanu ndithu, ndi gawo limene kampani ili ndi mphamvu yolibweza msika ukagwa. Anthu amangoona chiwerengero chachikulu cha m'nyuzipepala n'kusangalala.

Bonasi iliyonse muiike pambali pa kukwera mitengo kwa zinthu. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo chaka cha 2024 mitengo inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti. M'chaka chotere bonasi ya 20 peresenti ndi kuluza, ngakhale manambala a pa pepala akula.

Pomwe zimasokonekera kwambiri

Vuto lalikulu la penshoni m'Malawi si kampani yoyendetsa thumba. Ndi wolemba ntchito amene amadula ndalama pa peyisilipi koma osazitumiza. Lamulo limamupatsa masiku 14 mwezi ukatha kuti atumize zake ndi zanu zomwe. Kampani ikayamba kuvutika, ndalama zoyamba kugwiritsidwa ntchito zina ndi zimenezi, chifukwa palibe amene amabwera pakhomo kudzazifuna. ESCOM imadula magetsi, mwini nyumba amatseka chitseko, MRA imatseka akaunti, koma wantchito amaona "pension" pa peyisilipi yake n'kukhulupirira kuti zonse zili bwino. Vutoli ndi lalikulu moti Reserve Bank yakhala ikusindikiza m'nyuzipepala mayina a olemba ntchito amene sakutumiza, ndipo ngongole yonse pamodzi imawerengedwa m'mabiliyoni.

Wa K400,000 uja, bwana akadumpha miyezi 6, wataya K360,000 pamodzi ndi phindu lomwe ikanabala. Kampaniyo ikatsekedwa, kuilondola ndalamayo ndi ntchito ya zaka.

Apa ndi pomwe makampani oyendetsa penshoni timawapatsa malikisi ochepa. Iwo amadziwa mwezi womwewo kuti ndalama sizinabwere. Membala, mwini ndalama, nthawi zambiri amamva pomaliza, chifukwa kampaniyo imayankhulana ndi ofesi ya HR ya bwana yemweyo amene sakulipira. Sitetimenti ya pachaka nayo ikadutsira ku HR ikhoza kugona m'diroo. Uthenga wa pa foni mwezi uliwonse wonena kuti "talandira K60,000" ukanathetsa zambiri, ndipo pomwe thumba lanu lili ndi njira yoonera balansi pa foni kapena pa intaneti, lembetsani lero.

Kulondola kwake sikovuta. Pezani dzina la kampani yoyendetsa thumba lanu ndi nambala yanu ya umembala. Pitani kapena lembani kwa iwo mwachindunji, osadzera kwa bwana, mupemphe sitetimenti yosonyeza mwezi ndi mwezi, osati chiwerengero chimodzi cha pamapeto. Ikani peyisilipi zanu pambali pake. Mwezi uliwonse muyenera kuona mizere iwiri, wanu ndi wa bwana, ndipo wa bwana ukhale wowirikiza kawiri wanu ngati kampani ikupereka zochepetsetsa zija. Onani tsiku limene ndalama zinalandiridwa, chifukwa ndalama ya Januwale yofika mu Okutobala yataya phindu la miyezi yonse yapakatiyo. Onaninso ngati anakukwezani malipiro koma zopereka zikadali pa besiki yakale. Cholakwika chimenechi chimachitika kawirikawiri ngakhale m'makampani olongosoka, chifukwa wolemba malipiro amasintha peyirolo n'kuiwala ndandanda yopita ku penshoni. Ngati zolowa m'thumba sizikukwana 15 peresenti, funsani kuti chadulidwa n'chiyani. Mwina ndi ndalama yoyendetsera thumba, ndipo muli ndi ufulu wodziwa kuti ndi zingati.

Mukapeza mpata, yambani ndi kalata kwa bwana, yotchula miyezi ndi ndalama zake, n'kusunga kope losainidwa kuti yalandiridwa. Ndi bwino kulemba muli gulu kapena kudzera ku bungwe la antchito, chifukwa wodandaula yekha amaopa kuchotsedwa, ndipo mantha amenewo si opanda pake. Pakapanda yankho, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi kwa Registrar ku Reserve Bank. Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito, ilipo, koma milandu imatenga nthawi, choncho ikhale njira yomaliza. Peyisilipi musamataye. Ndiwo umboni wokhawo woti munadulidwa.

Mayina, masiku obadwa ndi fomu ya olandira

Chochedwetsa ndalama chachiwiri n'chaching'ono mochititsa manyazi: dzina la pa thumba losiyana ndi la pa chiphaso cha unzika. Wina analembedwa ntchito ndi dzina la kusukulu, chiphaso chinatuluka ndi la kwawo. Mayi wina ku penshoni ali ndi dzina la bambo ake, ku banki la mwamuna wake. Tsiku lobadwa likasiyana ndiye zimavuta kwambiri, popeza ndi limene limanena kuti mwakwana zaka zopumira kapena ayi. Konzani zimenezi mukadali pa ntchito, pomwe HR ikhoza kukulemberani kalata tsiku lomwelo.

Mukasintha ntchito, ndalama zanu sizitsatira zokha. Zimatsala ku thumba lakale mpaka mutapempha kuti zisamutsidwe. Munthu wogwira m'makampani anayi akhoza kukhala ndi timaakaunti tinayi, tina taiwalika. Kusamutsa ndi ufulu wanu, ndipo ndi fomu imodzi.

Fomu yofunika kuposa zonse ndi yotchula amene adzalandire ndalama inu mukamwalira. Ndalama za penshoni sizilowa m'chuma cha masiye chogawidwa ndi wilo kapena ndi akubanja. Zimapita kwa amene munawalemba pa fomuyo, pa maperesenti amene munalemba. Kwa ife ichi ndi chimodzi mwa zinthu zabwino kwambiri pa penshoni, m'dziko limene amasiye amalandidwabe nyumba ndi ziwiya ndi achibale a malemu. Malume kapena mlamu sangapite ku kampani ya penshoni kukatenga gawo la mwana. Gawo la mwana wosakwana zaka 18 limasungidwa, n'kumatulutsidwa pang'onopang'ono pa fizi ndi zina zofunika.

Koma chitetezochi chimayenda ndi fomu yatsopano. Ambiri anaidzaza tsiku loyamba ntchito, ali mbeta kapena mphongo, analemba mayi awo ndi mng'ono wawo, ndipo sanaikhudzenso. Mukakwatira, banja likatha, mwana akabadwa, kapena wina mwa olembedwa akamwalira, dzazani ina. Maperesenti akwane 100. Lembani mayina monga alili pa ziphaso, ndi manambala a foni. Ana onse alembedwe, ngakhale amene banja silikuwadziwa, chifukwa akadzatulukira pa maliro nkhani imapita kwa matrasti, oyang'anira thumba la penshoni, kuti afufuze, ndipo ndalama za onse zimaima miyezi. Muuzeninso mnzanu wa m'banja dzina la kampani yosunga penshoni. Ndalama zambiri zimangokhala osatengedwa chifukwa otsala sadziwa kogogoda.

Kutenga ndalama

Dandaulo lalikulu pa lamulo la 2010 linali loti ndalama zatsekeredwa kwambiri, ndipo la 2023 linamasulako. Munthu amene ntchito yatha tsopano amadikira miyezi 3 ali wosalembedwa kwina, osati 6 ngati kale, asanapemphe ndalama. Amapatsidwa zopereka zake ndi phindu, pomwe zopereka za bwana zimatsala kudikira nthawi yopuma. Konzekerani kalata yosonyeza kuti ntchito inatha, chiphaso, ndi akaunti ya ku banki ya dzina lanu lenileni. Fomu zambiri zimafuna chidindo cha bwana wakale, ndiye ngakhale mwasiyana mokangana, chidindocho chitengeni musanachoke.

Ngati kampani yakuchotsani chifukwa chochepetsa antchito, penshoni siilowa m'malo mwa ndalama ya severance. Imeneyo ndi yapadera, pansi pa lamulo la zantchito: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kuyambira chaka cha 11. Bwana akati "zanu zonse zili ku penshoni," wakunamizani.

Kodi n'koyenera kutenga ndalama pakatha miyezi itatu ija? Ngati m'nyumba mulibe chakudya ndipo lenti yadutsa, tengani, palibe wokuweruzani. Koma ambiri amatenga chifukwa choti n'zotheka, ntchito ina ili kale m'njira. Uku n'kudya mbewu. K1,000,000 yosiyidwa m'thumba, itamapambana kukwera kwa mitengo ndi 3 peresenti yokha pachaka, pakatha zaka 25 imagula zinthu zowirikiza kawiri zimene ikugula lero. Munthu amene amakolola penshoni yake nthawi iliyonse akasintha ntchito amafika zaka 60 ali ndi gawo la mabwana lokha.

Kupuma kwenikweni kumabwera m'njira zitatu: kukwana zaka zopumira zimene zalembedwa m'malamulo a thumba lanu, zomwe zimakhala pakati pa 50 ndi 70, kugwira ntchito zaka 20 mosadukiza kwa bwana mmodzi, kapena kudwala kotsimikiziridwa ndi dokotala kuti simungagwirenso ntchito. Pa tsikulo mukhoza kutenga theka la ndalama zonse nthawi imodzi. Kale inali 40 peresenti. Lamulo latsopanoli limalolanso munthu wotsala ndi zaka 5 kuti apume kutengeratu gawo, mpaka theka, kuti amalize nyumba kapena ayambe kabizinesi akadali ndi malipiro omuchirikiza. Ganizoli ndi labwino, chifukwa bizinesi yoyamba munthu atapuma kale, popanda ndalama ina yolowa, ndi imene imameza penshoni za anthu ambiri. Kungoti ndalamazo sizichokera kwina. Ndi zomwezo, ndipo zimene mwatenga lero sizibalanso phindu la zaka zisanu zotsalazo.

Theka lotsalalo limakulipirani mwezi ndi mwezi, m'njira imodzi mwa ziwiri. Annuity mumagula ku kampani ya inshulansi ya moyo, ndipo imakulipirani mpaka imfa, ngakhale mutafika zaka 95. Programmed withdrawal imasiya ndalama m'thumba zikubalabe, inu n'kumatapako. Zikhoza kutha mukadali moyo, koma mukamwalira msanga zotsala zimapita kwa ana. Musanasaine annuity funsani zinthu zitatu ndipo mayankho alembedwe: kodi ndalama ya pamwezi imakwera chaka ndi chaka, kodi mnzanu wa m'banja adzapitiriza kulandira inu mukapita, ndipo pali zaka zingati zimene kampani idzalipirabe ngakhale mutamwalira mwezi wotsatira. Ya mtengo wosasintha imaoneka yonona tsiku loyamba. Mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti pachaka, mphamvu yake imatsika ndi theka zaka zitatu zisanathe. Annuity mukasaina mwasaina, palibe kubwerera, choncho pemphani mitengo ku makampani angapo.

Kodi imakwana?

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndi owawa. Tiyerekeze kuti phindu la thumba likungoyenda limodzi ndi kukwera kwa malipiro anu. Zaka 20 za 15 peresenti zimasonkhanitsa ndalama yofanana ndi malipiro a miyezi 36. Mukatenga theka, patsala ya miyezi 18. Mukaigawa pa zaka 15 za moyo wopuma, yomwe ndi miyezi 180, mwezi uliwonse mukulandira gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro anu. Wa K400,000 akulandira K40,000. Atagwira zaka 30 osatapako panjira, n'kutenga theka popuma, angafike pa K60,000. Phindu likapambana malipiro manambalawa amakwerako, koma sakwera mpaka kufika poti munthu akhale mmene ankakhalira. Ndipo zaka zimenezo ndi za mankhwala a shuga ndi BP, pomwe inshulansi ya chipatala ya kuntchito inatha kale.

Amene amapuma pa zaka 45 chifukwa choti akwanitsa zaka 20 pa kampani imodzi awerenge kawiri. Ndalama ndi yomweyo ya miyezi 36, koma zaka zoidya ndi 30 kapena kuposa.

Choika pambali pake

Njira yosavuta ndi kupempha kuti azikudulani zoposa 5 peresenti. Ubwino wake ndi woti ndalamayo simuiona, komanso angongole sangailande. Kuipa kwake ndi koti yatsekeredwa, ndipo ikudutsabe m'manja mwa bwana. Ngati bwana wanu ali ndi mbiri yochedwa kutumiza, musawonjezere kudzera kwa iye.

Ndalama ya mwadzidzidzi, ya maliro, matenda kapena miyezi itatu yodikira ija, ikhale pofikika, ndipo yokwana zofunika za miyezi itatu ndi poyambira pabwino. Akaunti wamba ya ku banki ndi yongosungira, siibala. Tiyerekeze fixed deposit, ndalama yosungitsa ku banki kwa nthawi yoikika, ya K1,000,000 pa 10 peresenti pachaka: phindu K100,000, msonkho K20,000, mwatsala ndi K1,080,000, pomwe mitengo ikakwera ndi 30 peresenti katundu amene anali K1,000,000 wafika K1,300,000. Banki ikagwa, Deposit Insurance Corporation, imene inayamba ntchito mu 2023, inakhazikitsa chitetezo cha K3,000,000 pa munthu mmodzi pa banki imodzi, ndiye wopuma amene walandira theka lake lalikulu asalisiye lonse pa akaunti imodzi. Airtel Money ndi Mpamba ndi zotumizira ndi kulipirira. Kutapa kulikonse kumadula, ndipo ndalama yokhala pa foni imatha ndi "ndithandizeni kaye" wa achibale.

Ma Treasury bill, amene boma limagulitsa kudzera ku Reserve Bank a masiku 91, 182 ndi 364, akhala akupereka chiwongoladzanja choposa cha akaunti wamba. Mu 2024 a masiku 364 ankapereka 26 peresenti msonkho usanadulidwe. Mumagula kudzera ku banki yanu kapena kampani yogulitsa masheya. Kumbukirani kuti wobwereka ndi boma lomwelo limene penshoni yanu yalibwereka kale. SACCO yolembetsedwa ndi yoyang'aniridwa ndi Registrar ndi yabwino kwa wofuna ngongole yotsika mtengo ya fizi kapena malata, koma masheya a m'SACCO satuluka tsiku lomwe mwawafuna. Banki nkhonde imabala kwambiri pa pepala chifukwa mamembala amabwerekana pa chiwongoladzanja chokwera pamwezi, kungoti phindu limenelo ndi ndalama zanu zomwe ngati nanunso mumakakamizidwa kubwereka, ndipo msungichuma akasowa mu Novembala palibe ofesi yokadandaulako. Ndi ya ndalama ya fetereza ndi ya Khirisimasi, osati ya ukalamba.

Lamulo la 2023 linatsegulanso khomo la penshoni yodzifunira kwa anthu osalembedwa ntchito: ogulitsa mumsika, akabaza, alimi, amisiri. Kwa iwo chigamulo chathu n'chosiyana. Palibe bwana woikapo K2 pa K1, palibenso inshulansi ya moyo yobwera yokha, ndiye chotsala ndi phindu la thumba kuchotsapo ndalama yoyendetsera. Asanalembetse afunse kuti pa K10,000 iliyonse yoikidwa zimadulidwa zingati, chimachitika n'chiyani akadumpha miyezi ya njala, ndipo ndalama zingatuluke liti. Wa golosale amene katundu wake amatuluka msanga mwina angapindule kwambiri poonjezera mpamba, n'kumaika ku penshoni kagawo kochepa kokha kamene sakufuna kuti bizinesi ikagwa kapite nayo.